Kamba wa Pepala ndi Amana Imene Tidasenzetsedwa

Chidule cha khutba ya Jumu'ah imene idaperekedwa ku Lufita, m'boma la Chitipa



Kuyamikidwa konse kukhale kwa Allah (SWT), Mwini zolengedwa, amene amadyetsa nsomba pansi pa nyanja ndi nyerere mu una wake, ndipo saiwala ngakhale chimodzi mwa zimene adalenga. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa maswahaba ake ndi pa onse owatsatira kufikira tsiku lomaliza.

KHUTBA YOYAMBA

Abale ndi alongo m'Chisilamu, tikudzilangiza tokha poyamba, kenako tikukulangizani inu, kuti timuope Allah poyera ndi mseri, m'mudzi ndi m'tchire momwe, pakuti palibe malo amene Iye sationa.

Masiku apitawa bambo wina adabwera kwa ife itatha swala ya Asr atanyamula chinthu m'thumba. Atachitulutsa tidaona kuti ndi kamba, koma wa mapepala, wamkulu ngati beseni lochapira. Adampanga ndi ana a sukulu ya pulayimale amene ali m'kagulu kophunzira za chilengedwe, ndipo ena mwa iwo ndi ana athu a ku madrasa. Bamboyo adatifunsa kuti: A Shehe, kodi zimenezi si mafano? Kodi mwana wa Chisilamu akuloledwa kuumba chinthu chofanana ndi cholengedwa chamoyo? Funsoli ndi labwino, ndipo kholo limene limafunsa chotere likusonyeza kuti limasamala za chikhulupiriro cha mwana wake. Lero tiliyankha poyera kuti tonse timve, ndipo tikatero tionanso funso lina limene kamba wa pepalayu akutifunsa ife akuluakulu.

Tisanayankhe tidawaitana anawo kuti atifotokozere mmene adampangira, chifukwa si bwino kugamula chinthu chimene sunachimvetse. Adati amayamba ndi kupinda waya wakale kapena nsungwi zong'alula kuti zikhale nthiti za chigoba, nadula katoni yokhala pansi ngati mimba. Miyendo inayi ndi khosi amazipanga pokulunga mapepala molimba ndi kumanga ndi luzi. Kenako amaphika phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa, nang'amba nyuzipepala zakale ndi makope otha m'tizidutswa tatitali, kuviika m'phalamo ndi kumata pamwamba pa nthiti zija. Akamata kamodzi amayanika padzuwa mpaka ziume, namatanso, kanayi kapena kasanu, kufikira chigoba chitalimba moti ukachigogoda chimalira ngati chipanda. Pomaliza amapaka dothi la katondo ndi kulemba mizere ya pachigoba ndi makala. Ntchito yonse imadya sabata yathunthu, chifukwa wofulumira kumata pepala lapansi lisanaume amapeza kamba wake atachita chuku.

Tsono yankho ndi ili. Nzoona kuti m'mabuku a hadith a Bukhari ndi Muslim muli machenjezo oopsa kwa anthu oumba ndi kusema zifaniziro za zamoyo. Chifukwa chake n'chodziwika: shirk idalowa pakati pa anthu a Mneneri Nuh (AS) kudzera m'zifaniziro za anthu olungama amene adamwalira, zimene poyamba zidali zongowakumbukira koma m'kupita kwa nthawi zidayamba kupembedzedwa. Khomo limenelo tidalamulidwa kulitseka, ndipo likhalebe chitsekere.

Komabe maulama ambiri, kuphatikizapo a madhhab ya Imam Shafi'i imene ambiri a ife timatsata, adapatula zidole za ana pa chiletso chimenechi. Umboni wawo ndi wakuti mayi wa okhulupirira Aisha (RA) adali ndi zidole m'nyumba ya Mtumiki (SAW), ndipo m'buku la Abu Dawud akusimba kuti pakati pa zidolezo padali hatchi ya mapiko a nsanza. Mtumiki (SAW) ataiona adafunsa za iyo, ndipo atamva yankho la Aisha adangoseka, osalamula kuti itayidwe. Bukhari ndi Muslim akusimbanso kuti amayi a ku Madina ankapangira ana awo zidole za ubweya pa tsiku la Ashura, kuti mwana amene akuphunzira kusala akalira njala azisewera nazo kufikira dzuwa litalowa. Choncho chinthu chimene mwana wapanga kuti asewere nacho kapena aphunzirepo kanthu sichili m'gulu la mafano.

Pali zinthu zoti tisamale. Kamba wa pepala asalowe mu mzikiti, ndipo asaikidwe kutsogolo kwa munthu woswali. Asapachikidwe pamalo aulemu m'nyumba ngati chinthu cholemekezeka, ndipo wina asamusandutse chithumwa. Makamaka tikupempha makolo ndi aphunzitsi kuti aziyang'ana mapepala amene ana akung'amba: tsamba lililonse limene lili ndi ayah ya Qur'an kapena dzina la Allah lisaviikidwe m'phala, ngakhale kalata ino imene muli nayo m'manja. Amene mtima wake ukukayikabe amuuze mwana wake kuti apange chigoba chokha popanda mutu, ndipo asanyoze mnzake amene watsata maganizo enawo. Nkhani imeneyi isatiyambanitse ndi aphunzitsi a ana athu.

Abale olemekezeka, bambo uja adafunsanso kuti n'chifukwa chiyani kambayo adampanga wamkulu chotero, pamene akamba amene timakumana nawo m'minda mwathu amakwana m'manja awiri. Anawo adayankha kuti akuphunzira za akamba akuluakulu a m'zilumba za m'nyanja zamchere. Apa mpamene pali phunziro lathu la lero.

Akamba amenewa masiku ano amapezeka mwachilengedwe m'malo awiri okha. Malo oyamba ndi dziko la Seychelles m'nyanja ya India, makamaka pa chilumba cha Aldabra, pamene pali akamba okwana pafupifupi 100,000. Mmodzi wamphongo amatha kulemera makilogalamu 250, ngati matumba asanu a chimanga. Malo achiwiri ndi zilumba za Galápagos, zimene zili pamtunda wa makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera kugombe la dziko la Ecuador ku South America. Allah adawapatsa moyo wautali zedi. Kamba wina wotchedwa Jonathan, amene adamutenga ku Seychelles kupita naye pa chilumba cha Saint Helena, akuti adabadwa cha m'ma 1832, ndipo mu 2022 anthu a kumeneko adawerengera kuti wakwanitsa zaka 190.

Kale akamba otere adali ochuluka pa zilumba zina monga Mauritius, Réunion ndi Rodrigues, koma kumeneko mitundu yawo idatheratu zaka za m'ma 1800 zisanafike pakati. Chidawamaliza ndi mphatso yomwe Allah adawapatsa. Kamba wamkulu amatha miyezi yambiri osadya ndi osamwa, ndipo amalinyero a zombo zakale, amene adalibe njira yosungira nyama kuti isaole, adaona kuti ameneyu ndi ndiwo yodzisunga yokha. Ankawatola mazanamazana, kuwagoneka chagada pansi pa chombo ndi kumapha mmodzimmodzi paulendo. Kamba sathawa, saluma munthu, ndipo salira kuti mnzake amve. Aliyense wotola ankaganiza kuti otsalawo ngambiri.

Ku Galápagos kuli chilumba chotchedwa Pinta chimene chidali ndi mtundu wakewake wa akamba. Atachepa chifukwa chotoledwa, mu 1959 anthu adasiyapo mbuzi zitatu, zimene zidaswana kufika zikwi zambirimbiri ndi kudya msipu wonse. Mu 1971 padapezeka kamba mmodzi yekha wamphongo, amene adamutcha Lonesome George, kutanthauza kuti George wotsala yekha. Akatswiri adamusunga zaka 40 akufunafuna wamkazi wa mtundu wake, osampeza. Pa 24 Juni 2012 adafa, ndipo mtundu umene Allah adaulenga ndi kuudyetsa kwa mibadwo yosawerengeka udathera pomwepo. Lero thupi lake louma lili m'bokosi la galasi pa chilumba cha Santa Cruz, alendo nkumaliyang'ana. Kamba wa ku Pinta tsopano sasiyana ndi uyu wa ana athu: ali ndi maonekedwe, koma alibe mpweya. Madzi akatayika saoleka.

Tisaganize kuti zimenezi zidachitika kwa anthu akutali okha. Pafupi ndi Zanzibar, kumene makolo athu ena adaphunzirako chipembedzo, pali kachilumba ka Changuu. Mu 1919 padabweretsedwa akamba anayi ochokera ku Seychelles, ndipo pofika 1955 adali ataswana kufika pafupifupi 200. Anthu adayamba kuwaba ndi kuwagulitsa, ndipo mu 1996 padatsala 7 okha, mpaka boma lidachita kuwamangira mpanda. Kumeneko ndi kudera kumene adhana imamveka kasanu patsiku. Kuswali kokha sikudawateteze akambawo m'manja mwa anthu aumbombo.

Koma pali nkhani ina yolimbikitsa. Pa chilumba cha Española, ku Galápagos komweko, padatsala akamba 14 okha, aakazi 12 ndi amphongo awiri. Anthu adawasonkhanitsa, nabweretsa wamphongo wina wachitatu amene ankasungidwa ku San Diego m'dziko la America, nawasamalira zaka zoposa 40, kutetezera mazira ndi kuchotsa mbuzi pachilumbapo. Kuchokera mwa akamba 15 amenewo mudabadwa ana pafupifupi 2,000, ndipo mu 2020 makolowo adabwezedwa kwawo. Kusiyana kwa Pinta ndi Española ndi kwakuti kwina anthu adadzidzimuka mochedwa, kwina adadzidzimuka nthawi ikadalipo.

Inu akapolo a Allah, kodi Chisilamu chikuti chiyani pa zimenezi? Mu Surat Al-An'am, ayah ya 38, Allah akutidziwitsa kuti nyama zoyenda pansi ndi mbalame zouluka ndi mitundu monga momwe ife tilili mitundu. Choncho kumaliza mtundu wa nyama ndi kufafaniza umma wathunthu umene unkamutamanda Mlengi wake m'njira imene ife sitiimva. Mu Surat Hud tikuwerenga kuti chigumula chitayandikira, Mneneri Nuh (AS) adalamulidwa kulowetsa m'chombo yaimuna ndi yaikazi ya mtundu uliwonse. Allah akadatha kulenganso zonse mwatsopano madzi ataphwa, koma adafuna kuti ntchito yopulumutsa mitunduyo idzere m'manja mwa munthu. Ndipo mu Surat Al-Baqarah, ayah ya 30, munthu akutchedwa khalifa pa dziko, ndiye kuti woyang'anira wosiyiridwa. Dziko ndi amana, katundu wosungitsidwa. Munthu akakusungitsa ng'ombe zake, sungadye zonse nkumubwezera zikopa.

Mtumiki (SAW) adatiphunzitsa kuti mayi wina adalowa ku Moto chifukwa cha mphaka amene adamutsekera osamupatsa chakudya kufikira atafa, ndi kuti munthu wina adakhululukidwa machimo chifukwa chotungira madzi galu waludzu. Tsiku lina ali paulendo adaona mbalame ikuuluka movutika chifukwa maswahaba ena adatenga ana ake, ndipo adalamula kuti abwezedwe. Paulendo womwewo adaona malo a nyerere atatenthedwa, ndipo adadzudzula kuti kulanga ndi moto si kwa munthu. Ngati mphaka mmodzi adakwanira kumuponya munthu ku Moto, nanga mtundu wathunthu?

Tibwere kwathu kuno ku Chitipa. Ifenso tili ndi akamba athu, uja wa mawangamawanga ngati kambuku ndi uja wamng'ono amene chigoba chake chimatsekeka kumbuyo. Akuluakulu amene muli muno mukudziwa kuti kale mvula yoyamba ikagwa tinkakumana nawo panjira ya kumunda, ndipo lero chaka chimatha osamuona ndi mmodzi yemwe. Tivomereze kuti mdani wake wamkulu ndi moto wathu. Chaka ndi chaka, kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, timayatsa tchire pofuna mbewa, pofuna msipu watsopano, pokonza minda ya mawere, ndipo nthawi zina popanda chifukwa chilichonse. Gwape amathawa, mbalame imauluka, koma kamba amangolowetsa mutu m'chigoba ndi kupsera momwemo. Ifenso amene tikulankhula pano tidayatsapo moto wotere tili anyamata, ndipo zigoba zoyera zimene tinkazipeza m'phulusa tinkaziponda mosaganiza kanthu. Allah atikhululukire. Kamba wa mawangamawanga amatha zaka zoposa khumi asanayambe kuikira mazira, ndipo mazirawo amakhala m'nthaka miyezi yambiri asanaswe. Moto wa ola limodzi umafafaniza zimene zidatenga zaka khumi kukula.

Nyama ina imene ili pangozi ndi ngaka. Ngaka imadya chiswe ndi nyerere zimene zimaononga nyumba ndi mbewu zathu, imabereka mwana mmodzi pachaka, ndipo ikaopsedwa imangodzipinda, munthu nkuitola ngati mpira. Mamba ake amagulitsidwa ku Asia ati ndi mankhwala, chikhalirecho ndi opangidwa ndi chinthu chimodzimodzi ndi zikhadabo zathu. Mu 2016, pamsonkhano wa mayiko wa CITES ku Johannesburg, malonda a ngaka pakati pa mayiko adaletsedwa kotheratu, ndipo mu 2017 dziko la Malawi lidakhwimitsa lamulo lake loteteza nyama zakutchire, moti wopezeka ndi ngaka, minyanga ya njovu kapena nyanga ya chipembere angathe kukhala kundende mpaka zaka 30. Boma lathu lili m'malire a Tanzania ndi Zambia, ndipo njira zachidule ndi zambiri. Anyamata athu, mukamva munthu akukunong'onezani kuti mumupezere ngaka kapena mumuolotsere kathumba kake pa Songwe, dziwani kuti ndalama imeneyo ndi ya haramu, ndipo amene adzagone kundende ndinu, iye ali kutali. Mayi wanu ndi amene adzakhale akulira pakhomo.

Tikunena zimenezi ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah, chathu ndi chanu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kuyamikidwa kukhale kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Abale ndi alongo, ambiri a ife amene tasonkhana muno tidachokera kunyanja, ku Karonga, Nkhotakota, Salima ndi Mangochi, ndipo ena timakhalira malonda a nsomba pamsika pano. Kalata ino idzawerengedwanso m'mizikiti ya m'mbali mwa nyanja. Tsono tisamalize nkhani ya akamba a kutali osatchula chimene chili m'mbale mwathu.

Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi padziko lonse, lidaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanja ya Malawi. Lidapeza kuti mitundu 9 pa 100 iliyonse ili pangozi yaikulu yotheratu, ndipo mwa mitundu inayi ya chambo, itatu ili pamlingo woopsa kwambiri. Msodzi aliyense wachikulire safuna buku kuti adziwe zimenezi: akudziwa kukula kwa chambo chimene ankakoka ali mnyamata, ndipo akuona chimene chikufika padoko lero. Akudziwanso kumene ntchila idapita. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, ndipo chimadzalavula anawo m'madzi osaya, m'mabango ndi m'udzu wa m'mphepete. Tikakoka khoka m'nyengo yoswana timapha mayi pamodzi ndi ana mazana amene ali m'kamwa mwake. Tikasoka maneti a udzudzu nkukokera m'mphepete timatenga kasawala amene akadakhala chambo chaka chamawa, ndipo usiku ana athu amagona osafunda neti nkudwala malungo. Tikadula mabango onse timagwetsa nyumba yolereramo. Nayonso nkhasi ya chigoba chofewa, mbale wake wa kamba amene amakhala m'nyanja yathu, ili pa mndandanda wa nyama zapangozi, chifukwa imakodwa m'maukonde ndipo mazira ake timawafukula mumchenga. Surat Ar-Rum, ayah ya 41, ikutiuza kuti kuonongeka kumene kumaoneka pamtunda ndi panyanja kumachokera m'ntchito za manja a anthu, ndi kuti amalawitsidwa zina mwa zotsatira zake kuti mwina angabwerere.

Wina anena kuti: A Shehe, mukulankhula za akamba ndi nsomba pamene ana athu akugona ndi njala, ndipo njovu zikuononga minda ndi kupha anthu m'midzi yoyandikana ndi nkhalango. Mawu amenewa sitikuwapeputsa. Moyo wa munthu ndi wolemekezeka kuposa wa nyama, ndipo Chisilamu sichiletsa kusodza, kusaka kovomerezeka kapena kudziteteza ku chilombo. Amene adataya m'bale kapena munda chifukwa cha njovu ali ndi ufulu wodandaula, ndipo oyang'anira nkhalango ali ndi udindo womanga mipanda yolimba ndi kufika msanga akaitanidwa. Chimene chikuletsedwa ndi israf, kupyola muyeso, ndi kupha popanda chifukwa. Ndipo tifunsane moona: chambo chikatha, adzavutike ndani? Wolemera adzagula nyama ya ng'ombe. Amene adzatsale ndi bwato lopanda ntchito ndi mphawi yemweyo. Kusunga nsomba yoswana ndi kusunga mbewu, ndipo mlimi wanzeru sakazinga mbewu ngakhale njala itavuta.

Njira yotetezera si yachilendo m'chipembedzo chathu. Mtumiki (SAW) adapatula dera la An-Naqi' pafupi ndi Madina kuti likhale hima, malo otetezedwa amene munthu sadyetsamo ziweto mwachisawawa, ndipo Khalifa Umar (RA) adachita chimodzimodzi ku Ar-Rabadha. Ku Makka nyama yakutchire siisakidwa ndipo mtengo womera wokha sudulidwa, ndipo Haji aliyense amene adavalapo ihram akudziwa kuti m'masiku amenewo kusaka n'koletsedwa kwa iye. Allah adatiphunzitsa kuti pali malo ndi nyengo zimene dzanja la munthu liyenera kupuma.

Kwathu kuno chitsanzo chilipo. Pa chilumba cha Mbenje ku Salima, kuyambira zaka za m'ma 1950, mafumu a m'dera la Makanjira akhala akutseka usodzi kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo. M'miyezi imeneyo asodzi amachoka pachilumbapo, ndipo zida zoononga siziloledwa. N'chifukwa chake asodzi ochokera kutali amathamangira ku Mbenje chikatsegulidwa. Boma nalo limatseka nyanja kwa makoka ndi zida zina m'nyengo imene chambo chimaswana, kuyambira mu Novembala. Kumvera lamulo lotere, limene cholinga chake ndi ubwino wa anthu onse, ndi gawo la kumvera atsogoleri kumene Qur'an idatilamula.

Pamtunda napo taona kuti zotayika zimatha kubwerera ngati mbewu idatsala kwina. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chipembere chidali chitatheratu m'Malawi. Mu 1993 zipembere ziwiri zidabwera ku Liwonde kuchokera ku South Africa, ndipo mu 2019 zidabweranso zina 17. M'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2017 zina 34 zidabwera ku Nyika, nkhalango yathu yoyandikana nayo imene idakhazikitsidwa mu 1965, kumene kuli mbidzi, chilembwe ndi ntchefu. Koma taonani mtengo wake: ndege, magalimoto akuluakulu ndi ndalama zankhaninkhani, pofuna kubwezera zimene makolo athu adali nazo kwaulere. Chipembere chidabwerera chifukwa dziko lina lidachisunga. Chambo cha m'nyanja yathu kwawo ndi kuno, ndipo chikatha palibe mnansi amene tidzakabwereke kwa iye.

Tsono tichite chiyani? Choyamba, tileke kuyatsa tchire mwachisawawa. Amene akufuna kutentha zinyalala za m'munda alambule m'malire, ayatse madzulo mphepo itadekha, ndipo asachoke moto usanazime. Chachiwiri, tikapeza kamba panjira kapena m'munda timunyamule mofatsa ndi kumuika kutchire chakumene amalowera, osamuboola chigoba ndi kumumanga chingwe kuti ana azisewera naye. Mwana amene akufuna kamba wosewera naye apange wa pepala. Chachitatu, tikaona ngaka tiisiye ipite, ndipo tikamva za oigulitsa tidziwitse amfumu, apolisi kapena alonda a nyama zakutchire. Kumuletsa m'bale wako kuchita choipa ndiko kumuthandiza. Chachinayi, ife amalonda tikane kugula kasawala ndi nsomba zogwidwa m'nyengo yotseka, chifukwa msodzi amakoka chimene wogula akulipira. Neti ya udzudzu ibwerere kuchipinda. Chachisanu, aphunzitsi a madrasa aphunzitse hadith za chifundo pa nyama pamodzi ndi za twahara ndi swala, ndipo makolo alole ana kulowa m'timagulu ta zachilengedwe timene bungwe la WESM ndi aphunzitsi amayendetsa m'sukulu. Kuongola mtengo ndi uli waung'ono.

Bambo uja tidamubwezera kamba wake kuti akampatse mwana, ndipo tidamupempha kuti mvula yoyamba ikagwa amutenge mwanayo apite naye kumunda m'mamawa, akafunefune kamba wamoyo, amuone akuyenda, kenako amusiye. Ngati sakamupeza chaka chino, adziwe kuti ntchito yatikulira. Pa Tsiku la Kiyama tidzafunsidwa za amana iliyonse, ndipo sitikufuna kuti zidzukulu zathu zidzadziwe kamba, ngaka ndi chambo pa mapepala okha, nkudzatifunsa kuti zamoyozo tidapita nazo kuti.

E Allah, tikhululukireni pa zimene tidaononga modziwa ndi mosadziwa. Ikani chifundo m'mitima mwathu pa zolengedwa Zanu zonse. Dalitsani minda yathu ndi nyanja yathu, tipatseni mvula yabwino, ndipo mutikwaniritse ndi za halali kuti tisasirire za haramu. Atetezeni anyamata athu ku misampha ya anthu aumbombo, achizeni odwala athu, ndipo muwachitire chisoni makolo athu amene adatsogola. Ameen.

Imirirani tiswali, Allah akuchitireni chifundo.